Mfuti ya pamaginito: liwiro la bambo ndi liwironso la mwana

Kanthu kake n'kakang'ono, ngati mabokosi awiri a machesi utawaika mondondozana. Kunja n'kokutidwa ndi labala wakuda, m'kati muli maginito amphamvu, ndipo m'mbali muli timabowo tomangira. Ku America kamagulitsidwa pa madola 10, 15, mwina 25, ndalama imene kumeneko munthu amadyera nkhomaliro kamodzi kapena kawiri. Ukakamangirira pansi pa tebulo, kuseri kwa chitseko, m'mphepete mwa bedi kapena pansi pa chiwongolero cha galimoto, n'kuyandikizapo mfuti, imangoti phaa, kukakamira. Siigwa. Ukaifuna umangopisa dzanja n'kuimatula.

Ngati mumakonda makanema a galimoto, a alenje kapena a zachitetezo pa YouTube ndi pa TikTok, tinthu timeneti mwina mudakumana nato kale. Makanema ake amafanana ngati ana a mimba imodzi. Bambo wandevu zake wakhala padesiki, kapu kumutu, akuchita ngati akulemba. Belu lalira, dzanja lalowa pansi pa desiki, mfuti ili m'manja. Pakona ya sikirini wotchi ikuonetsa kuti sipanathe masekondi awiri. Kenako kumwetulira, kenako linki yogulira.

Ndaonera ambiri, bandulo ikulira, ndipo chimene chandikhala pamtima si liwirolo ayi. N'chakuti m'makanema amene ndaonerawo nyumba imakhala ya munthu mmodzi. Simuona mwana wa zaka zinayi akukwawira pansi pa desiki kukatola mpira wake. Simuona mnyamata wa zaka 16 amene chibwenzi chamuthera dzulo. Simuona mwini wake yemweyo akuchokera kumowa, kapena atayambana ndi mkazi wake. Simuona wakuba akusuzumira pawindo la galimoto. Koma maginito sadziwa dzanja la mwini wake. Masekondi awiri amene akugulitsidwawo ndi a aliyense amene wafika pamalopo.

Maginito ake si aja a m'wailesi

Si aja tinkachotsa m'masipika a wailesi zakufa n'kumatolera misomali tili ana. Awa ndi a neodymium wosakaniza ndi chitsulo komanso boron, ndipo amaposa mphamvu maginito ena onse amene mungagule pamsika. Adatulukiridwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 m'malo awiri panthawi imodzi, kukampani ya General Motors ku America ndi ku Sumitomo Special Metals ku Japan, komwe katswiri wake anali Masato Sagawa. Lero ambiri amapangidwa ku China. Foni imene mukuwerengera nkhaniyi ili nawo, m'kasipika ndi m'kamota kamene kamainjenjemeretsa uthenga ukalowa. Ndipo miyala ija mumamva kuti makampani akunja akuifuna ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi kuphiri la Songwe ku Phalombe, chimodzi mwa zimene akuthamangira m'menemo ndi neodymium yemweyu. Wambiri adzathera m'mamota a galimoto zamagetsi. Kachidutswa kena, adziwa ndani, kadzathera pansi pa desiki ya munthu ku Texas.

Mfuti zambiri zam'manja zamasiku ano, monga za Glock zochokera ku Austria, chogwirira chake n'chapulasitiki yolimba, koma mbali yakumtunda, ija imabwerera m'mbuyo mfuti ikalira, ndi yachitsulo. Maginito amagwira pamenepo. Labala uja ndi woteteza kuti mfuti isakandike. Mpaka apa palibe chachilendo. Amakanika amakoloweka masipanala pamaginito, ophika m'mahotela amakolowekapo mipeni.

Vuto lili pakachitsulo kamene chala chimakoka kuti mfuti ilire, kaja amati trigger. Mfuti ikakhala m'kathumba kake ka m'chiuno, kathumbako kamaphimba trigger yonse, ndipo aphunzitsi a mfuti ku America komweko amanenetsa kuti kathumba kosaphimba trigger n'kosayenera kugula. Pamaginito wamba trigger imakhala pambalambanda. Komanso munthu amene wagula maginito chifukwa cha liwiro sangachotse zipolopolo, poti akatero liwiro limene wagulalo lapita. Tsono onani chithunzi chake: mfuti yodzaza, trigger poyera, pamalo pamene mwini wake sakuonapo koma amangopisa dzanja mopapasa. Glock ilibe kabatani kam'mbali kotsekera kamene mumaona m'mafilimu. Zotetezera zake zimamasuka zokha chala chikakoka trigger, ndipo mphamvu yofunika ndi pafupifupi makilogalamu awiri ndi theka. Mapaketi awiri ndi theka a shuga, basi.

Mantha ake ndi enieni

Kuseka anthu a ku America pankhani ya mfuti n'kosavuta ukakhala kutali. Koma munthu wogula maginitoyu si wamisala. Bungwe la Small Arms Survey la ku Geneva lidayerekeza kuti mu 2017 anthu wamba m'dzikomo anali ndi mfuti 393 miliyoni, ndiye kuti mfuti 120 pa anthu 100 alionse. Mfuti zidachuluka kuposa eni dziko. Kafukufuku wa Pew Research Center wa 2023 adapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu ali ndi mfuti yakeyake, ndipo 72 mwa eni mfuti 100 alionse adati kudziteteza n'chifukwa chachikulu chosungira mfutiyo. M'dziko lotere, ukamva chitseko chikuti khwacha usiku umaganiza kuti wolowayo nayenso wanyamula, ndipo sukulakwa kwenikweni kuganiza choncho.

Aliyense amene adagonapo maso ali gwa atamva kuti a zikwanje athyola nyumba yachitatu kuchoka pake amawadziwa mantha amenewa. Ambirife tidakulira m'nyumba zimene chikwanje kapena mpini zimagona kuseri kwa chitseko. Maganizo ake ndi omwewo, akuti chida chikhale pafupi. Kusiyana kwake n'kwakuti mwana akaseweretsa chikwanje nthawi zambiri nkhani imathera kuchipatala, kukasoka chala.

Ku America mantha amenewa ali ndi lamulo kumbuyo kwake. Ufulu wosunga mfuti udalembedwa m'malamulo aakulu a dzikolo mu 1791. Pa 26 June 2008 bwalo la Supreme, pamlandu wa District of Columbia ndi Heller, lidagamula kuti ufuluwu ndi wa munthu payekha, wodzitetezera m'nyumba mwake. Oweruza asanu adavomereza, anayi adakana, ndipo chigamulo adalemba ndi Antonin Scalia. Ambiri amakumbukira kuti mlanduwu udathetsa chiletso cha mfuti zam'manja mumzinda wa Washington. Koma udathetsanso lamulo lina la mzindawo, lonena kuti mfuti ya m'nyumba izikhala yopanda zipolopolo komanso yomasulamasula kapena yokiya pa trigger. Oweruza adati lamulo lotere limalepheretsa munthu kudziteteza. Adanenanso kuti sakutsutsa malamulo a kasungidwe kopewa ngozi, koma uthenga umene udafika pamsika ndi woyamba uja, wakuti mfuti yokonzeka ndi ufulu.

Nanga kuwerenga masekondi kudachokera kuti? Mu 1983 wapolisi wina wa ku Salt Lake City, Dennis Tueller, adaonetsa kuti munthu wonyamula mpeni atha kuthamanga mafiti 21, omwe ndi mamita 6 ndi pang'ono, pa sekondi imodzi ndi theka, nthawi yomwenso wapolisi amatenga kuti asolole mfuti m'chiuno n'kuwombera. Phunziroli lidali la apolisi a pamsewu, oti wachiwembu ali pamaso pawo. Lero nambala yomweyo imatchulidwa pogulitsa zinthu kwa munthu wogona m'nyumba yokiya, ya galu panja ndi alamu pachitseko. Kwa ine pamenepa ndi pamene malonda adapotoza nkhani.

Kangati pachaka pamene mfuti imapulumutsa mwini wake? Apa akatswiri adasiyana kalekale. Mu 1995 Gary Kleck ndi Marc Gertz adati ka 2.5 miliyoni. Kafukufuku wa boma wofunsa anthu amene adachitiridwa zaupandu amapeza pafupifupi 100,000 kapena kucheperapo. Mkanganowo ukadalipo mpaka lero. Chimene sichikanganiridwa ndi maliro, poti maliro amawerengedwa ndi zikalata. Bungwe la zaumoyo la CDC lidawerenga anthu 48,830 ofa ndi mfuti mu 2021 mokha. Ndipo kuyambira 2020 mfuti idaposa ngozi zapamsewu n'kukhala chinthu chopha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 1 mpaka 19 m'dzikomo.

Pobisika pa bambo ndi pabwalo pa mwana

Ogulitsa maginito amakonda mawu akuti mfuti yabisika. Tiyeni tione ngati kubisa kumagwira ntchito pa ana.

Madokotala a ku Atlanta adayesa zimenezi ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2001 m'magazini ya Pediatrics. Adatenga anyamata 64 a zaka 8 mpaka 12, n'kuwaika m'magulu 29 a awiri kapena atatu. Gulu lililonse adalisiya lokha m'chipinda kwa mphindi zosaposa 15, akuluakulu akuonera kuseri kwa galasi. M'dirowa ina adabisa mfuti zoseweretsa zamadzi, m'dirowa ina mfuti yeniyeni imene adaikonza kuti isalire. Magulu 21 adaipeza. Mwa amenewo, magulu 16 adainyamula. M'magulu 10 wina adakoka trigger. Pafupifupi theka la anyamata amene adaipeza sankadziwa ngati ndi yeniyeni kapena chidole. Chowawa kwambiri n'chakuti oposa 90 mwa 100 alionse amene adaigwira anali ataphunzitsidwapo kale za kuopsa kwa mfuti.

Ku Alabama mu 2006 ofufuza ena adafunsa makolo ndi ana awo, wina uku wina uko. Mwa makolo 100 alionse amene adati mwana wawo sadziwa pamene pamakhala mfuti, 39 adatsutsidwa ndi ana awo omwe. Mwa amene adati mwana sadaigwirepo, 22 adatsutsidwa.

Tinene zoona anzanga, ndani wa ife sankadziwa pamene mayi ankabisa shuga? Ndani sankadziwa jekete imene bambo ankasungamo ndalama? Mwana amaidziwa nyumba kuposa wolipira lendi, chifukwa amaiyendera ndi mawondo. Ndipo taonani malo amene maginito amamangidwa: pansi pa tebulo, m'mbali mwa bedi, pansi pa shelefu. Munthu wamkulu ataimirira sapaona, n'chifukwa chake amati pabisika. Mwana wa zaka zitatu ndi pamene pali maso ake.

Mwina mukuti kamwana kotero sikangakoke. Kafukufuku wa 1995 adayeza mphamvu ya zala za ana. Pogwiritsa ntchito zala ziwiri, mwana mmodzi mwa anayi a zaka 3 mpaka 4 ankatha kukoka makilogalamu anayi ndi theka. Pa zaka 5 mpaka 6 anali 70 mwa 100, pa zaka 7 mpaka 8 anali 90. Kumbukirani shuga uja, mapaketi awiri ndi theka.

Pa 30 December 2014, m'sitolo ya Walmart ku Hayden m'chigawo cha Idaho, mwana wa zaka ziwiri atakhala m'ngolo yogulira zinthu adatsegula zipi ya chikwama cha mayi ake, n'kupeza mfuti, n'kuwawombera. Mayiwo, a zaka 29, adafera pomwepo. Chikwamacho chidali chopangidwira kunyamuliramo mfuti mobisa. Pa 6 January 2023 ku Newport News m'chigawo cha Virginia, mwana wa zaka 6 adapita ndi mfuti ya mayi ake kusukulu n'kuwombera mphunzitsi wake m'kalasi. Mphunzitsiyo adapulumuka atavulala kwambiri, mayi a mwanayo adalowa m'ndende. M'nkhani ziwirizi munalibe maginito. Koyamba kunali zipi, kwachiwiri mwana adachita kukwera kuti afikire chikwama chimene chidali pamwamba. Zipi ndi kutalika sizidamuletse mwana, ndipo maginito alibe n'chimodzi chomwe mwa ziwirizi.

Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015, komanso wina wa 2021, adapeza kuti ana pafupifupi 4.6 miliyoni ku America amakhala m'nyumba zimene muli mfuti yodzaza ndi yosakiya. Apa nkhaniyi ikukhudza abale athu amene ali ku Indiana, ku Texas ndi kwina, ndi inu amene mukulota visa. Mwina inu simudzagula mfuti, koma mwana wanu adzapita kukasewera kwa anzake. Ethan Song, mnyamata wa zaka 15 wa ku Guilford m'chigawo cha Connecticut, adafa mu January 2018 kunyumba kwa mnzake, ndi mfuti ya bambo a mnzakeyo. Chaka chotsatira chigawocho chidakhwimitsa lamulo la kasungidwe ka mfuti n'kulitcha dzina lake. Bungwe la madokotala a ana m'dzikomo limalangiza makolo kuti asanalole mwana kukasewera kwina azifunsa ngati m'nyumbamo muli mfuti yosakiya. Kwa Mmalawi woleredwa bwino funso lotere n'lolemera kukamwa, limamveka ngati mwano. Kumeneko ndi funso wamba.

Mdani amene ali ndi kiyi wa nyumba

Pa anthu 48,830 aja a 2021, ophedwa ndi anzawo anali 20,958. Odzipha okha anali 26,328, kuposa theka. Nambala imeneyi simuimva m'makanema a malonda, koma kwa ine ndi imene imagwetsa nkhani yonse ya liwiro. Munthu amene mfuti ya m'nyumba imamupha kawirikawiri ndi wa m'nyumba momwemo.

Ambiri timaganiza kuti wofuna kudzipha adatsimikiza kalekale ndipo ukamulanda njira ina apeza ina. Ofufuza apeza zosiyana. Ku Houston adafunsa achinyamata ndi akulu a zaka 13 mpaka 34 amene adapulumuka mwamwayi atayesa kudzipha. Pafupifupi mmodzi mwa anayi adati kuchokera pamene adaganiza kufika pamene adayesa sipadathe mphindi zisanu. Mphindi zisanu. Mdima wake umabwera ngati mvula ya mkuntho, ndipo nthawi zambiri umapita. Pafupifupi 9 mwa anthu 10 amene amapulumuka sadzafa modzipha m'tsogolo. Koma mfuti sipereka mwayi wachiwiri umenewo, poti oyesa ndi mfuti pafupifupi 9 mwa 10 amafa.

Asilikali a ku Israel adaona izi ndi maso. Mu 2006 adaletsa asilikali achinyamata kupita ndi mfuti kwawo akamakapuma kumapeto kwa sabata. Chiwerengero cha odzipha chidatsika ndi 40 pa 100 alionse, ndipo kutsikako kudachitika makamaka pamasiku opumawo. Mavuto a anyamatawo sadasinthe. Chidasintha ndi mtunda pakati pa dzanja ndi mfuti. Ku California ofufuza a ku Stanford adatsatira anthu oposa 26 miliyoni kwa zaka pafupifupi 12, ndipo mu 2020 adalengeza kuti amuna okhala ndi mfuti yam'manja ankadzipha ndi mfuti kuwirikiza pafupifupi kasanu ndi katatu poyerekeza ndi amuna opanda mfuti.

Phunziro limeneli si lachilendo kwa ife, kungoti kuno chida chake n'china. Sri Lanka italetsa mankhwala oopsa kwambiri ophera tizilombo m'munda, chiwerengero cha odzipha chidatsika ndi pafupifupi 70 pa 100 alionse pakati pa 1995 ndi 2015. Ife amene timawerenga malipoti a apolisi a anyamata odzipha chifukwa cha ngongole ndi zibwenzi tiyenera kudzifunsa kuti botolo la mankhwala a kumunda limakhala pati m'nyumba mwathu, ndipo kiyi wake ali ndi ndani. Ngati mnzanu wayamba kuyankhula zoti watopa ndi moyo, mufunseni mosazungulira, mukhale naye, muchotse zoopsa pafupi, mupite naye kuchipatala. Loko ndi kiyi zimagula mphindi, ndipo mphindizo ndi zimene maginito adapangidwira kuchotsa.

Palinso usiku umene mwini mfuti amadzuka mutu usanadzuke. Nkhani ya Oscar Pistorius tonse tidaitsatira. Pa 14 February 2013 ku Pretoria adawombera kanayi pachitseko cha chimbudzi n'kupha bwenzi lake Reeva Steenkamp. Iye adauza bwalo kuti adamva phokoso, adaganiza kuti ndi mbava, n'kutenga mfuti pansi pa bedi. A boma adati awiriwo adayambana. Mu December 2015 bwalo la apilo lidamupeza wolakwa pamlandu wakupha, ndipo adatuluka pa parole mu January 2024. Khulupirirani mbali imene mukufuna. Kaya adali mantha kaya udali mkwiyo, mfuti idali pamalo pofika dzanja, ndipo padalibe chomuchedwetsa kuti afunse kaye kuti m'chimbudzimo muli ndani.

M'galimoto

Malo ena amene maginitowa amakondedwa ndi m'galimoto, pafupi ndi bondo la dalaivala. Apa pali mavuto awiri.

Loyamba ndi akuba. Munthu akafika kuntchito, kukhoti kapena kubwalo la mpira kumene mfuti siloledwa, amaisiya m'galimoto. Bungwe la Everytown, lomwe limalimbikitsa malamulo okhwima a mfuti, lidasanthula malipoti a FBI n'kupeza kuti mwa mfuti pafupifupi 112,000 zimene zidalembedwa kuti zabedwa mu 2022, zoposa theka zidabedwa m'galimoto. Zaka 10 m'mbuyomo gawolo lidali pafupifupi limodzi mwa anayi. Mzinda wa Memphis ndi umene udatsogola. Wakuba wa kumeneko amadziwa poyambira kupapasa, poti nayenso amaonera makanema omwe aja. Mfuti imene idagulidwa kuti iteteze banja imakathera m'manja mwa amene banjalo linkawaopa.

Lachiwiri ndi ngozi. Pakatoni amalemba kuti maginito amanyamula makilogalamu 15 kapena 20, pamene mfuti yodzaza imalemera pafupifupi magalamu 900. Zikuoneka ngati zokwana n'kutsala. Koma mphamvu ya maginito amaiyeza pokoka molunjika pachitsulo chochindikala ndi chosalala. Ukakankhira chammbali, chinthu chimatsetsereka ndi mphamvu yochepa kwambiri, monga mmene mumachotsera maginito pafiriji. Ndipo galimoto ikawomba chinthu cholimba pa liwiro la makilomita 50 pa ola, za m'kati zimakankhika ndi mphamvu yowirikiza kulemera kwake ka 20 kapena kuposa. Magalamu 900 aja asanduka makilogalamu 18, akuuluka pafupi ndi miyendo yanu, trigger ili poyera.

Nanga achite chiyani?

Yankho lilipo pamsika womwewo. Pali timasefa tachitsulo tokhala pambali pa bedi, totsegula ndi manambala kapena ndi chidindo cha chala, ndipo munthu wozolowera amatsegula pa masekondi ochepa. N'todulirapo kuposa maginito, koma n'totchipa kwambiri kuposa mfutiyo. Lamulo la dziko lonse la 2005 limakakamiza ogulitsa kupereka loko pamodzi ndi mfuti iliyonse yam'manja, ndipo bungwe la makampani opanga mfuti, kudzera mupulogalamu ya Project ChildSafe, lagawa maloko aulere mamiliyoni ambiri kuyambira 1999. Ngakhale eni malonda a mfuti amavomereza kuti kukiya n'kofunika. Kafukufuku wa mu 2005 m'magazini ya JAMA adapeza kuti kukiya mfuti, kuichotsa zipolopolo ndi kusunga zipolopolo pena, chilichonse mwa izi chimachepetsa ngozi ndi kudzipha pakati pa ana ndi achinyamata.

Sindikuti sefa ndi mngelo. Mu October 2023 bungwe la boma loona za chitetezo cha katundu, la CPSC, lidalengeza kubweza kwa masefa pafupifupi 61,000 a Fortress Safe otsegula ndi chala, atapezeka kuti ankatha kutseguka ndi chala cha aliyense pamene mwini wake akuganiza kuti adakiya. Padali dandaulo kukhoti lakuti mnyamata wa zaka 12 adafa ndi mfuti yotengedwa m'sefa yotere. Komabe sefa imeneyo idabwezedwa chifukwa idalephera ntchito yake. Maginito akapereka mfuti kwa mwana amakhala kuti agwira ntchito yake ndendende, ndipo palibe chobweza.

Ena anganene kuti amakhala okha, alibe mwana, ndipo mfuti amaiika pamaginito pokhapokha ali padesikipo, akamachoka amaitenga. Munthu wotere ndimamumvetsa, ndipo maginito ena atsopano amabwera ndi kathumba kophimba trigger, zimene zimachepetsa vuto limodzi. Koma dongosolo lake lonse latsamira pa kusaiwala, tsiku lililonse, kwa zaka, ngakhale tsiku limene mlongo wake wabwera ndi ana mosayembekezereka kapena waitana wokonza mapaipi. Ife amene timaiwala chaja kunyumba kawiri pasabata tisamadzinamize.

Maiko ena sadasiyire nkhaniyi chikumbumtima cha munthu. Ku South Africa lamulo la mfuti la 2000 ndi malamulo otsatira pake amafuna kuti mfuti imene sili pathupi kapena m'manja mwa mwini wake ikhale m'sefa yovomerezeka. Ku Japan mfuti ndi zipolopolo zimakiyidwa m'malo osiyana ndipo apolisi amayendera. Ku America kulibe lamulo la dziko lonse lokakamiza kukiya. Chigawo chilichonse chimadzipangira. Massachusetts imafuna kuti mfuti iliyonse imene mwini wake sakuiyang'anira ikhale yokiya, pafupifupi theka la zigawo lili ndi lamulo linalake loteteza ana, kwina kulibiretu.

Koma mphepo yayamba kutembenuka, ndipo idatembenukira ku Michigan. Pa 30 November 2021 mnyamata wa zaka 15 adapha ophunzira anzake anayi pasukulu ya Oxford High, ndi mfuti imene bambo ake adagula masiku anayi m'mbuyomo ngati mphatso yake. Mu 2024 makolo ake, James ndi Jennifer Crumbley, adapezeka olakwa pamlandu wophetsa anthu chifukwa chosasamala, ndipo aliyense adalamulidwa kukhala m'ndende zaka 10 mpaka 15. Aka kadali koyamba m'dzikomo kuti makolo amangidwe motere chifukwa cha kuwombera kwa mwana wawo pasukulu, ndipo kasungidwe ka mfutiyo kadali pakati pa mlandu.

Kuyambira pa 13 February 2024, lamulo la Michigan limati ngati mukudziwa kuti panyumba pangafike mwana, mfuti imene simukuiyang'anira ikhale yopanda zipolopolo ndi yokiya ndi loko, kapena ikhale m'bokosi lokiya. Mwana akaipeza n'kuionetsa pagulu, mwini wake atha kukhala m'ndende masiku 93. Akavulaza munthu, zaka zisanu. Akapha munthu kapena kudzipha nayo, zaka 15.